MANGAWA A NAMWINO NDI MANGAWA A BOMA

Mu mzinda wa Kitwe, ku dziko la migodi, m'dera lochedwa Parklands, muli cipatala cacikuru ca Boma. Cinatsegulidwa m'caka ca 1958, masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pa nthawiyo cinachedwa Llewellin Hospital, potengera dzina la bwanamkubwa woyamba wa Citaganyaco. Dziko litalandira ufulu cinachedwa Kitwe Central Hospital, ndipo tsopano dzina lace ndi Kitwe Teaching Hospital, ndiko kunena cipatala cophunzitsiramo. Pomwepo palinso sukulu ya anamwino ndi azamba. Caka ndi caka ana a anthu amalowa pa makomo a cipatalaco osadziwa kanthu, naturuka odziwa kumanga cironda, kubaya jekeseni ndi kuthandiza mai pa tsiku lace la kucira. Ena a iwo ndi adzukulu a anthu a ku Katete, ku Petauke ndi ku Chipata amene anapita kukagwira nchito m'migodi kalelo.

Tsono akaturuka amanka kuti? Ambiri amakonda kutsala m'mizinda ya m'mbali mwa njanje. Ena amalumpha malire kunka ku Botswana, ku Namibia kapena ku South Africa. Ena amaoloka nyanja. Amene amafika ku zipatala zazing'ono za kumidzi, nakhalitsako, ndi ocepa. Pamenepa pali mlandu wofunika kuuyesa mofatsa. Kodi mwana wophunzitsidwa kuciritsa acimwa akasiya odwala a kwao ndi kupita kumene kuli malipiro ocuruka? Nanga Boma liri ndi mphamvu yanji ya kumgwira kuti asapite?

Midzi ya kum'mawa siinayambe lero kutaya ana ace. Pamene mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa m'zaka za m'ma 1930, amuna ambiri anasiya makasu nalinga kumeneko, monga anzao analinga ku Halale ndi ku Joni. Msonkho unawapirikitsa, ndipo usiwa unawakankha. Akuru a masiku amenewo anasiyanitsa anthu a mitundu iwiri. Panali wopita ku nchito, amene ankatumiza nsaru ndi ndalama, nalemba kalata, nabwerera kudzakonza denga la mai wace. Panalinso mchona, amene mbiri yace inazimirira, mkazi wace nakalamba akuyang'ana ku njira. Woyambayo sanamweruza munthu, ngakhale anakhala zaka zambiri. Waciwiriyo anamdzudzula, si cifukwa ca kupita ai, koma cifukwa ca kuiwala. Nzeru imeneyi ikali ndi nchito pa mlandu wa anamwino ndi madotolo.

Kusowa kwa anthu ociritsa kuli ndi mizu yaitali. Pamene Zambia inalandira ufulu m'caka ca 1964, eni dziko amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. University of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1966, ndipo madotolo ace oyamba anaturuka m'caka ca 1973. Posacedwa mtengo wa mkuwa unagwa, cuma ca dziko cinaphwa, ndi malipiro a anchito a Boma anasanduka madzi. Pambuyo pace inafika nthenda ya Edzi, imene inadzaza zipatala ndi odwala, nipha anamwino omwe pamodzi ndi odwalawo. Migodi nayo, imene inali ndi zipatala zace monga ca Wusakile ndi ca Nkana, inagulitsidwa, nchitoyo nitha m'caka ca 2000. Anthu ambiri ocotsedwa nchito anataya cithandizo ca kumeneko nakhamukira ku zipatala za Boma. M'zaka zomwezo dziko la Britain linali kufuna anamwino ambiri, ndipo linawapeza mu Africa. M'caka ca 2006 bungwe loyang'anira umoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, linawerenga maiko 57 amene analibe ngakhale madotolo, anamwino ndi azamba 23 pa anthu 10,000 alionse. Zambia ndi Malawi anali m'gulu limenelo. Bungwelo linaonetsanso kuti Africa inasenza magawo 24 pa 100 a katundu wa matenda a dziko lonse, koma inali ndi anchito a cipatala 3 okha pa 100 alionse.

Woneneza namwino wocokayo amayamba ndi ndalama. Amati sukulu inamangidwa ndi msonkho, aphunzitsi analipidwa ndi msonkho, ndipo msonkhowo unaturuka m'thumba la mlimi pogula sopo ndi mcere, ndi la mnyamata wa pansi pa mgodi. Mau amenewa ndi oona, koma sakwanira, pakuti masiku ano ophunzira ambiri amadzilipirira okha, makolo atagulitsa ng'ombe ndi fodya. Ndiponso mangawa a ndalama amatha ndi ndalama: munthu akabweza zonse ku Boma, mlandu watha.

Alipo mangawa ena olemera koposa, amene salembedwa m'buku la kalaliki. Buku limamuuza wophunzira pamene pali mtsempha, koma dzanja lace limaphunzira pa mkono wa munthu wamoyo. Singano yace yoyamba inaphonya kawiri kapena katatu, ndipo mwini mkono anapirira. Mzamba aliyense waluso anali ndi tsiku lace loyamba, pamene anaima monjenjemera pa mapazi a mai wina amene sanamdziwa dzina. Ndani amagona pa makama a cipatala cophunzitsiramo? Kawirikawiri si olemera, pakuti iwo ali ndi zipatala zao zolipira. Ndi mkazi wogulitsa tomato pa msika wa Chisokone, ndi nkhalamba yotumizidwa kucokera ku cipatala ca kumudzi, ndi mwana wa munthu wosowa nchito. Iwowa anapereka matupi ao akhale sukulu. Sanapangane ndi wophunzirayo kanthu, koma anavomera ndi ciyembekezo cakuti luso limeneli lidzathandiza ana ao mawa. Ndalama yobwezedwa ku thumba la Boma siifika kwa iwo. Mangawa otere amabwezedwa ndi manja omwewo, pa makama a anthu onga omwewo.

Mu Uthenga Wabwino wa Luka muli mbiri ya akhate khumi amene anaciritsidwa, nabwerera mmodzi yekha kudzayamika. Asanu ndi anai aja sanaswe lamulo liri lonse; anapita kumene anatumidwa. Ambuye anafunsa za iwo, ndipo funsolo linali lowawa. Koma owerenga azindikire kuti sanawabwezere khate lao, ndipo sanatume munthu kukawagwira. Kuyamika kumafunsidwa, sikukokedwa ndi cingwe.

Komanso mangawa alionse ali ndi malire. Cilamulo ca Mose cinalola Mhebri kutumikira mnzace zaka zisanu ndi cimodzi, koma pa caka cacisanu ndi ciwiri anayenera kumasulidwa, ndipo osati cimanjamanja. Mangawa osatha ndiwo ukapolo. Cotero Boma likapangana poyera ndi wophunzira kuti atumikire zaka zowerengeka kumene adzatumizidwa, posinthana ndi maphunziro amene lamlipirira, palibe coipa, ndipo wothawa pangano lotero wadya za eni. Koma iye amene watumikira zaka zace mokhulupirika, naphunzitsa ena omtsata, akafuna kukayesa kwina sayenera kuchedwa mbala. Yosefe anapulumutsa abale ace ali ku dziko lacilendo. Nehemiya anali pa nchito yaulemu ku nyumba ya mfumu ya Perisiya, ndipo udindo womwewo ndiwo unampatsa mitengo ndi makalata omangira linga la kwao.

Tsono mlandu utembenukire kwa mwini nchito. Malembo salankhula za wanchito yekha. Cilamulo cinaletsa mwini munda kugona ndi malipiro a waganyu, ndipo kalata ya Yakobo iri ndi mau oopsa kwa olemera amene amamana okolola mphotho yao. Namwino nayenso ali ndi mimba, ali ndi ana a sukulu, ali ndi mai wokalamba ndi ana amasiye a mbale wace. Akakhala yekha pa cipatala ca kumudzi alibe usiku, alibe Sabata. Amayeza odwala, napereka mankhwala, nabadwitsa ana, nalemba mabuku; akadwala iye, citseko cimatsekedwa. Ndipo coposa kutopa ndi ici: kudziwa mankhwala amene akanapulumutsa mwana, koma osakhala nao. Ambiri amene anacoka sanathawe umphawi wokha. Anathawa kuonerera imfa zimene anaphunzira kuziletsa.

M'caka ca 2000 madotolo acinyamata ambiri anacotsedwa nchito ndi Boma atanyanyala podandaula za kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo, ndi za makhalidwe a nchito yao. Ena a iwo anapita kunja. Kumapeto a caka ca 2013 anamwino mazana angapo anacotsedwanso cifukwa ca kunyanyala, ngakhale pambuyo pace anabwezedwa. Kusiya wodwala pa kama ndi kukakhala pansi pa mtengo ndi cinthu colemera, ndipo Mkristu asacipepuse. Koma kupirikitsa ociritsa m'dziko losowa ociritsa kuli ngati kutentha nkhokwe pofuna kulanga mbewa. Pa milandu yonse iwiri amene analipira ndi odwala.

Zaka zapitazi zaonetsa codabwitsa cina. Sukulu za unamwino zacuruka, za Boma, za mipingo ndi za anthu amalonda. Ku Ndola, Copperbelt University inatsegula sukulu ya madotolo m'caka ca 2011, imene imadziwika ndi dzina la Michael Chilufya Sata. Ophunzira anayamba kuturuka ambiri, koma Boma, lolemedwa ndi ngongole zimene linalephera kulipira m'caka ca 2020, silinathe kuwalemba onse. M'caka ca 2021 madotolo anadandaula poyera kuti anzao mazana ali pakhomo opanda nchito. M'caka ca 2022 Boma linalemba anchito a cipatala oposa 11,000 nthawi imodzi, cinthu cacikuru ndithu, koma ofunsira anali ocuruka koposa malowo. Ena anagwira nchito m'zipatala modzipereka, osalandira kanthu, poyembekeza kuti adzakumbukiridwa. Dziko lingathe kukhala ndi cipatala copanda namwino ndi namwino wopanda cipatala pa tsiku limodzi. Wotereyu akalandira kalata yomuitana kunja, ndani angamtole mwala? Munthu sangabweze mangawa kwa mwini amene wamtsekera pakhomo.

Boma layesa njira zingapo. M'caka ca 2003, ndi thandizo la dziko la Netherlands, linayamba pangano la kusunga madotolo kumidzi. Zigawo za dziko zinagawidwa monga mwa kutalika ndi kubvuta kwace. Dotolo wovomera kukhala zaka zitatu kumalo obvuta analandira ndalama yoonjezera, thandizo la sukulu ya ana, kukonzeredwa nyumba, ngongole ya galimoto, ndi mwai wa maphunziro apamwamba. M'caka ca 2007 panganolo linafika kwa anamwino ndi anchito ena. Ku Malawi, kuyambira m'caka ca 2005, malipiro a anchito a cipatala anaonjezedwa ndi magawo 52 pa 100, ndi thandizo la Britain ndi Global Fund. Njira zimenezi zinathandiza, koma zinatsamira pa thumba la alendo, ndipo mlendo ndi mame. Ku Chainama, mu Lusaka, kuyambira m'caka ca 2002 athandizi a madotolo anayamba kuphunzitsidwa mozama kuti azitha kucita opareshoni monga ya mai wolephera kucira, pa zipatala zimene dotolo kulibe.

Njira imene iyenera kulingaliridwa koposa ndi ya athandizi a zaumoyo a m'midzi. Boma linaganiza kuti mwana wa mudzi womwewo sacedwa kuzolowera, ndipo sathawa msanga. Linatsegula sukulu yao ku Ndola. Oyamba, ngati 300, analowa m'caka ca 2011 naturuka m'caka ca 2012, ataphunzira caka cimodzi. Anabwerera kwao kukayenda khomo ndi khomo, kuyeza malungo, kulangiza za zimbudzi ndi madzi akumwa, ndi kulimbikitsa amai apakati kukacirira ku cipatala.

Poitana anthu oyambawo panacitika cinthu cophunzitsa. Akuru a Boma anali ndi nkhawa imene Akristu ambiri ali nayo: kuti nchito yacifundo ikalonjeza kukwera, idzakoka anthu odzikonda. Tsono pamodzi ndi anthu ophunzira, pakati pao Nava Ashraf ndi Oriana Bandiera, anayesa m'zigawo 48. M'zigawo zina anapacika zikalata zonena za kutumikira mudzi. M'zina zikalata zonena kuti nchitoyi ndi khomo la kukwera, kuti munthu angadzakhale namwino kapena dotolo. Osankha anali a Boma pamodzi ndi anthu a m'mudzi momwemo. Pambuyo pace anawerenga nchito ya osankhidwawo. Kunapezeka kuti amene anabwera cifukwa ca zikalata za kukwera anayendera makomo 129 pamene anzao anayendera 100, ndipo m'midzi yao amai ocirira ku cipatala anacuruka, ana onyenchera nacepa. Zikalata za kukwera zinakoka anthu a mitundu yonse, odzikonda omwe. Koma zinakokanso ana anzeru amene akanapita ku nchito zina, ndipo osankha, powadziwa ana a mudzi wao, anatola amene anali ndi mutu ndi mtima womwe.

Apa mpingo uyenera kudziyesa. Zipatala za misyoni, monga St Francis ku Katete, Nyanje, Mwami ndi Minga, zinamangidwa ndi anthu amene anadzipereka osawerenga mphotho, ndipo ulemu wao sudzatha. Koma kucokera m'mbiri yabwinoyi mwamera cizolowezi coipa, ca kuyesa namwino wofunsa za malipiro ngati wopanda maitanidwe. Mau akuti maitanidwe akhala nthawi zina cibonga ca olemba nchito, comenyera wanchito kuti akhale cete. Kudzipereka ndi mphatso imene munthu amaturutsa yekha mu mtima mwace. Wina akaifuna mokakamiza, yasanduka kulanda. Msamariya wacifundo uja anatsuka zironda za mlendo kwaulere, pakuti anafuna yekha. Koma pomsiya kwa mwini nyumba ya alendo sanamlalikire za cifundo; anaturutsa ndalama ziwiri, nalonjeza kudzalipira zotsala. Anadziwa kuti wosamala wodwala usiku ndi usana ayenera kudya.

Maiko olemera nao ali ndi gawo lao pa mlanduwu. Mneneri Natani anauza Davide za munthu wa zoweta zambiri amene anatenga kamwana ka nkhosa kamodzi ka mnansi wace wosauka kuti aphikire mlendo. Dziko limene liri ndi cuma ca kuphunzitsa anamwino ace, koma lisankha kukolola pamene linabzala dziko losauka, lifanana ndi munthu uja. M'caka ca 2010 maiko a mu World Health Organization anagwirizana pa malangizo a kalembedwe ka anchito a cipatala ocokera kunja, koma malangizowo alibe cilango kwa owaswa. M'caka ca 2023 bungwelo linachula maiko 55 amene sayenera kusakidwamo anchito a cipatala. Malawi analimo kale, ndipo Zambia ndi Zimbabwe anaonjezedwa. Lamulo la Britain limaletsa olemba nchito kukasaka anthu m'maiko amenewa, koma silitsekereza namwino wofunsira yekha. Ndipo nkoyenera kutero, pakuti kumtsekera munthu m'dziko cifukwa ca luso lace ndiko kumlanga cifukwa ca kuphunzira. Koma dziko lomlandira likanayenera kubweza kanthu ku sukulu imene inamlera.

Komabe asaloze cala kutsidya kwa nyanja okha. Cimene London imacita kwa Kitwe, Kitwe imacita kwa Chama ndi Chadiza. Namwino wa ku Parklands ali pafupi ndi magetsi, madzi a m'mpope, sukulu zabwino za ana, ndi madotolo akuru oti awafunse zikabvuta. Mnzace wa ku cigwa ca Luangwa, mvula ikagwa ndi mitsinje ikadzala, amatsala yekha ndi nyali. Onse awiri ali m'dziko limodzi, pa nchito ya Boma limodzi. Munthu angachone osaturuka m'dziko lace. Ndipo wina angakhale ku Manchester zaka khumi, naphunzitsa ana asanu a kwao, natumiza zipangizo ku cipatala ca mudzi wace, nabwerera ndi luso latsopano, osakhala mchona konse.

Mudzi womwe uli ndi mangawa ace, ndipo awa ndiwo ali m'manja mwa owerenga. Boma lingatumize namwino, koma kumsunga ndi nchito ya anthu omzinga. Alipo anamwino amene anafika ndi mtima wabwino, napeza nyumba yodontha, citsime ciri kutali, ndi anthu omuyang'ana ngati mlendo wodzadya za eni. Wodwala amasungidwa pakhomo sabata yathunthu, nayamba wapita kwa woombeza. Atafooka ndiye amnyamula pa ngolo pakati pa usiku, ndipo akamwalira mlandu ugwera namwino. Mwana wa eni, wosakwatiwa, wokhala yekha kutali ndi abale, amanenedwa pa citsime ndi pa bwalo la mowa. Kumene mfumu ndi akuru a mpingo anaumba njerwa za nyumba yace, namlimira kamunda, amai a cigwirizano namcezera monga mwana wao, namwino amapeza cifukwa ca kukhala cimene ndalama yoonjezera siingampatse. Zoona, alipo anamwino aukali, olalatira odwala ndi ogulitsa mankhwala a Boma mobisa. Amenewo adzudzulidwe poyera ndi kunenezedwa kwa akuru ao. Koma kucimwa kwa iwo sikucotsa mangawa a mudzi kwa okhulupirika.

Cobvuta koposa ciri m'nyumba za Akristu eni. Kholo limene limadandaula kuti pa cipatala ca mudzi palibe mzamba, ndi lomwelo limene linagulitsa ng'ombe kuti mwana wace aphunzire unamwino, ndipo tsopano likuyembekeza kuti ng'ombezo zibwerere. Mwanayo akanena kuti afuna kutumikira kumudzi, abale amamuyesa wopusa, namkumbutsa za azing'ono ace ofuna sukulu ndi za nyumba ya malata imene mwana wa uje anamangira amace. Kawirikawiri wopita kunja sapita yekha. Amatumidwa ndi banja lonse. Tsono pa tsiku la Sabata mpingo umapempha Mulungu kuti atumize namwino wokhazikika pa cipatala cao, ndipo pambuyo pace mai wina amaimirira kupempha kuti makalata a ulendo a mwana wace, namwino, aturuke msanga. Mapemphero onse awiri amakwera kucokera m'nyumba imodzi, nthawi zina pakamwa pamodzi, ndipo akuru a mpingo amavomera Amen pa onse awiri.